Mashelefu a m'kalavani ya agogo a Damiyano

Fungo la utuchi wa paini likandipeza, ngakhale ndikungodutsa pa ocheka matabwa m'mbali mwa msewu, maso anga amaona agogo a Damiyano atawerama kumbuyo kwa kalavani yawo, pensulo ili kukhutu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi chifukwa cha chisanu cha m'mawa, nkhuku zikuwazungulira modandaula poti anali atazilanda poikira mazira.

Kalavaniyo inali yaing'ono, ya matayala awiri, yozungulira kutsogolo ndi yotsetsereka kumbuyo ngati dzira logoneka. M'kati munkangokwana matiresi, munthu sakanatha kuimiriramo. Kumbuyo kunali chitseko chotsekukira m'mwamba, ndipo ukachikweza unkapeza kakhitchini: shelefu, timakabati tiwiri ndi malo a sitovu ya parafini. Agogo ali anyamata ankaphikira mzungu wina woyeza malo okumba mijigo, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira kalavaniyo. Ng'ombe ndi zimene zinaikokera kumudzi kwathu, kufupi ndi Mphunzi. Inakhala kuseri kwa nyumba zaka zambiri, matayala ataphwa, utoto utasuluka.

Ine ndinaleredwa ndi agogowo ndi akazi awo, Anachisale. Mayi anga anamwalira ndisanayambe kuyenda. Bambo anga anali mkamwini, mwamuna wodzakhala kwawo kwa mkazi monga timachitira kuno, ndipo maliro atatha achibale a mayi anawasudzula, ndiye kuti anawamasula kuti abwerere kwawo. Anapita nakakwatira kwina. Mwana ndi wa kuchikazi, amatsala.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, agogo aakazi anadwala chibayo mvula ili pakati, ndipo sabata isanathe tinawaika. Chotsatira ndinkachidziwa popanda wondiuza. Agogo a Damiyano nawonso anali mkamwini. Analima minda ya m'mudzi muno mpaka imvi, anabzala mapichesi amene tonse tinkadya, koma kwawo kunali ku Lobi, kumene owadziwa ambiri anali atagona kale. Mlongo wa malemuwo, a Lufeyo, amene anali mwini mbumba yathu, ananena kuti tikakolola kudzafululidwa mowa wa chikumbutso, ndipo tsiku lomwelo agogo adzasudzulidwa. Nyumba idzapita kwa mdzukulu wina amene anali atangokwatiwa. Ine ndidzapita kwa a Sitaziya, mng'ono wa malemuwo.

A Lufeyo sanali munthu woipa. Ndinawamva akulankhula ndi agogo pakhonde mofatsa.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, palibe wokana. Koma nkhalamba yaimuna ndi mwana wamkazi, adya chiyani? Nyumba mulibe, khitchini mulibe."

"Nanga ndikaipeza khitchiniyo?" anafunsa agogo.

A Lufeyo anaseka. "Mukaipeza tidzabwera kudzaiona."

M'mawa mwake ndi pamene nkhuku zinathamangitsidwa. Agogo anakolopa zitosi ndi phulusa ndi mchenga, anakweza kalavani pamiyala kuti ichoke pachinyezi, kenako anazula shelefu yakale imene inali itafumbwa. Atatero analowa m'nyumba natsitsa matabwa awiri a paini amene ankakhala kudenga. Matabwa amenewo aliyense ankawadziwa. Agogo anawasunga kalekale kuti adzakhale a mabokosi a maliro, lawo ndi la akazi awo. Ambiri anapita ndi agogo aakazi, awiri okhawo ndi amene anatsala.

Njira ya a Sitaziya yopita kudimba inkadutsa pomwepo. Anali amayi aafupi, a mawu okweza, a fodya wa m'mphuno, ndipo anabereka anyamata okhaokha, choncho ine ankandifuna ndithu. Tsiku lachitatu anaima, khasu lili paphewa.

"Alamu, mwayamba kukhoma bokosi lanu muli moyo?"

"Lakumanda lidikire, alamu. Ili ndi la miphika."

A Sitaziya anasuzumira. Agogo anali atatengera shelefu ya mzungu ija mmene inalili, yogawidwa timagawo ting'onoting'ono.

"Timabowo timeneti muikamo chiyani, mazira a njiwa? Mphika wa nyemba ulowa apa? Mzungu wanu ankadya za m'zitini. Mwana wa kwa Chisale sadya zitini."

Anafwenthera fodya napita. Agogo anandiuza kuti ndibweretse mphika wadothi wa agogo aakazi, anauika pathabwa, anazunguliza pensulo kutsinde kwake, kenako anazula timagawo tonse tija, misomali n'kumaiwongola pamwala umodziumodzi. Bowo lozunguliralo analiboola ndi chitsulo chootcha pamoto, kabowo pambali pa kabowo, mpaka kathabwa ka pakati kanagwa, ndipo utsi wa paini wopserera unatilowa m'maso tsiku lonse. Dzuwa litapendeka mphika unakhala m'bowomo, mimba yake italowa bwinobwino, osagwedera ngakhale ugwedeze kalavani yonse.

Ine ndinali nditakwiya. Ndinati, "Agogo, bwanji mukungowasiya akunyozeni?"

"Wonyoza khitchini ndi amene amaidziwa," anatero akupala m'mphepete mwa bowolo ndi mpeni. "Ine ndinaphikira munthu mmodzi wodya ndi foloko. Iwowa aphikira maliro ndi maukwati."

Kuyambira pamenepo a Sitaziya sankadutsa osaima. Tsiku lina ananunkhiza n'kunena kuti ufa wathu uzikoma parafini, poti agogo anaika chidebe cha ufa pafupi ndi sitovu. Ndi chala cha phazi analoza bowo la pansi, pamene kale pankadutsa paipi ya madzi, n'kunena kuti limenelo ndi khomo la makoswe ndipo tingowalembera kalata yowaitana. Za sitovuyo anati nyemba za pamenepo zimapsa mawa. Agogo anachotsa sitovu ndi botolo la parafini, anazikhomera kabokosi kake kutsogolo pachitsulo chokokera, ndipo mafuwa anawaika panja pansi pa kachisakasa ka udzu. Anang'amba chidebe chakale, anachisalaza ndi hamala, nayala malatawo m'kabati ya ufa, pansi ndi m'mbali monse. Lata linawacheka chala chachikulu mpaka magazi anadontha pathabwa. Amene anawamanga ndi kansalu kong'amba kuchitenje anali a Sitaziya omwewo, uku akukalipa kuti munthu wamkulu sagwira lata ngati akugwira mkate.

Kenako anayamba kubwera ndi zinthu za kunyumba kwawo, kuti aonetse kuti sizingakwanemo. Anabwera ndi lichero lalikulu. Agogo anakhoma timitengo tiwiri kunsi kwa chitseko chokweza chija, lichero n'kumalowa pamenepo chogona. Anabwera ndi sefa, mthiko, chipande, zikwatu ziwiri za mfutso. Chilichonse chinapeza msomali wake kapena ngodya yake. Chimene ndinachiona, ngakhale ndinali mwana, n'chakuti zinthuzo sankabwerera nazo.

M'mawa wina mphepo inagwetsa chitsekocho a Sitaziya ataweramira m'kati, chinawamenya pamsana. Anakuwa mpaka agalu a tsidya lija anayankha.

"Mufuna kundipha kuti mutenge mwana bwino!"

"Pepani alamu, sindinaitume ndine mphepoyo."

"Mukanaituma ikanaphonya, inu chilichonse mumaphonya!"

Tsiku lomwelo agogo anasema michirikizo iwiri ya bulugamu, yolowa m'mabowo kuti isaterereke.

Chimera cha mowa chitayanikidwa pamphasa, kutatsala masiku ochepa, agogo anakhoma shelefu ya pamwamba ndi chidutswa chotsiriza cha thabwa lachiwiri. Kunali nkhungu yoti phiri silinkaoneka. A Sitaziya anafika atafunda bulangete, anayang'ana shelefuyo, kenako anati, "Felesiya, tandipatsa mchere." Ndinanyanyamphira, ndinatambasula dzanja, koma kabotolo ka mchere sindinakafike. Agogo anali munthu wamtali ndipo anayeza ndi msinkhu wawo.

"Mwakhomera ndani shelefu imeneyi, nyamalikiti? Mwana akafuna kuthira mchere m'ndiwo azibwereka makwerero ku tchalitchi?"

Agogo anazula misomali mosamala kwambiri, chifukwa thabwa lina panalibe. A Sitaziya anandigwira mapewa, anandiimika m'mbali mwa kabati, natenga khala n'kulemba mzere pamene dzanja langa linkafika. Agogo anaika shelefu pamzerewo natenga hamala.

"Musakhome!" anatero a Sitaziya. "Mwanayu akukula ngati chimanga cha pachulu. Chaka chamawa mudzazulenso, thabwa ling'ambike? Dulani timipata m'mbalimu, shelefu izingolowa n'kutuluka, muzikweza akamakula."

Mawu amenewa ankatanthauza kuti ine ndidzakulira pakhitchini yomweyi. A Sitaziya anali atadzimva okha. Agogo anayang'ana pansi, hamala ili m'manja.

"Timipata tingati, alamu?" anafunsa motsitsa mawu.

A Sitaziya anamasula kabotolo ka fodya, anatapa, anakoka mphuno iyi ndi iyo, osafulumira.

"Dulani tisanu. Akafika pa kotsiriza adzakhala ndi khitchini yake."

Tsiku la mowa anthu anadzaza pabwalo dzuwa lili paliwombo. A Lufeyo anaimirira, anayamika agogo, nanena mawu osudzula monga mwa mwambo. Ine ndinali pakati pa amayi. Agogo anawomba m'manja nayankha kuti akuthokoza, kuti sakupempha munda kapena nyumba, akungokumbutsa alamu awo lonjezo lodzaona khitchini.

"Nyumba yanga ili ndi matayala," anatero. "Tsiku limene mwatopa nane, mudzangomanga ng'ombe."

Anthu anaseka, ndipo gulu lonse linazungulira kuseri, ena zikho zili m'manja. Agogo anakweza chitseko naikamo michirikizo. Matabwa anali oyera, opalidwa bwino, mphika uli m'bowo mwake, lichero kumwamba, mithiko m'misomali, malata a kabati ya ufa akunyezimira. A Lufeyo anagogoda shelefu ndi chala.

"Luso lilipo, alamu. Komatu izi ndi za masanje."

"Masanje?" A Sitaziya anakankha anthu n'kufika kutsogolo. "Achimwene, inu mumadziwa pamene mchere umakhala m'nyumba mwanu? Taonani apa. Mphika uwu mwana sangaugwetse, bowo ili ndinanena ndine. Tsegulani umu, khoswe alowera pati? Nunkhizani ufawo, nunkhizani! Khitchini ya mlamu wanga, akazi anu omwe, denga likudontha chaka chachitatu, mwaikonza?"

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Akazi a a Lufeyo anawomba m'manja n'kunena kuti zimenezo zinenedwenso.

"Kodi Sitaziya," anatero a Lufeyo, "suja wofuna mwanayu unali iwe?"

"Kugona azigona kwanga, mwana wamkazi sagona m'dzira la mzungu. Koma kudya ndi kuswera ndi kuno kwa agogo ake. Ndiziyendera ndekha. Akaonda ndidzakuuzani."

A Lufeyo anayang'ana agogo, anayang'ana ine, anapukusa mutu.

"Ndiye kuti mlanduwu munaweruza kale. Ine mwangondiitanira mowa."

Agogo sanapite ku Lobi. Anyamata anakankhira kalavani pansi pa mtengo wa mapichesi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathamangira kumeneko mame ali m'miyendo, kukapeza atasonkha kale moto, mbatata ya kachewere ili m'phulusa. Anandiphunzitsa kukazinga anyezi osapsereza, ine ndinawaphunzitsa kutendera mfutso monga ndinaonera kwa a Sitaziya. Amuna ena ankawaseka kuti asanduka mayi. Iwo ankangoti, "Mukamva njala mubwere," ndipo ena ankabweradi. Agogo anamwalira ine ndili namwali wamkulu, ndipo a Lufeyo omwewo ndi amene anakana kuti mtembo upite ku Lobi. Anati munthuyu ndi wa pano.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo pagulu sinditha kulankhula nthawi yaitali. Chaka chathachi ndinaika mwana wanga Agnesi. Anasiya kamnyamata ka zaka zinayi, Tadala, ndi mwamuna wake, mnyamata wofatsa wa ku Kabwazi. Tsopano eni mbumba ndi ana a a Sitaziya, ndipo mwezi watha awiri anabwera kudzandifunsa tsiku lomusudzula mkamwiniyo. Ndinawayalira mphasa. Ndinati tiyambe tamufunsa mwiniwakeyo ngati akufuna kupita.

"Felesiya, mwambo sufunsa zimenezo," anatero wamkuluyo.

"Ndikudziwa. Koma ine ndifunsa."

Tinamuitana. Anakhala chapatali, cham'mbali monga achitira mkamwini kwa apongozi ake, Tadala atamukolekera m'khosi. Nditamufunsa anati, "Amayi, mukandilola, ine ndikhala."

Amalume angawo anayang'anana. Ine sindinadikire kuti apeze mawu.

"Bambo a Tadala," ndinatero, "mbewu ya nyemba ili m'dengu pakhondepo. Munda wa kumtunda ukhale utatha mvula isanagwe."

Anawomba m'manja mwaulemu, anatsitsa mwana, nanyamuka kukatenga khasu.