Mitengo Isanu ya Mayi Ndowa

Alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, dzina lawo lenileni timalidziwa ndife apabanja basi. Ku ofesi ya boma kumene tonse awiri timagwira ntchito, aliyense amangoti Mayi Ndowa, kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana wamkulu. Akolopa nyumba imeneyo zaka makumi awiri ndi zinayi. Ine ndili ku kaundula, kumene timasunga mafaelo a ogwira ntchito onse, ndiye zimene ndikunenazi si zakumva ayi. Zina ndinaona ndi maso angawa, zina zili m'faelo yawo.

Ndi munthu wamfupi, wamapewa ngati wonyamula matumba, ndipo simungawaone opanda ndowa kumanja. Achimwene amakonda kunena kuti tsiku la ukwati wawo lokha ndi limene anawaona manja ali lende, ndipo tsiku lonselo ankangoyang'anayang'ana pansi ngati ataya kanthu. Sayankhula zambiri. Koma akakuyang'ana kuyambira kunsapato kukwera m'mwamba, umakumbukira wekha matope onse amene unalowa nawo m'khonde mwawo. Ine anandilera kuchokera ndili kusekondale, ndiye kuyang'ana kumeneko ndikukudziwa bwino.

Atagwira ntchito zaka zitatu, ku ofesi kunabwera mbande zisanu ndi zitatu za nimu zoti zidzalidwe. Bwana wa nthawi imeneyo anadzala imodzi pakhomo atavala suti, wojambula n'kujambula, anthu n'kuomba m'manja, basi nkhani yatha. Zisanu ndi ziwiri zotsalazo zinaiwalika kuseri, zikufota m'timapepala take. Alamu anabwereka khasu kwa mlonda n'kuzidzala m'mbali mwa khoma lakumadzulo, mbande imodzi pawindo lililonse, pakuti mawindo ake ndi asanu ndi awiri ndendende. Mpopi kumeneko kulibe. Iwo ankathirira ndi madzi otsukuluzira chikolopa, omalizira aja opanda mankhwala, amene anzawo ankangotaya m'ngalande.

Kapitawo anawagwira akuthira. Inabwera kalata yachenjezo, yodindidwa bwinobwino, yonena kuti mayiyu akuthira madzi akuda pafupi ndi khoma la boma, ndipo akapitiriza achotsedwa ntchito. Alamu anasaina. Mawa lake anathiranso, kungoti tsopano ankachita kapitawo asanafike. Mtengo wa bwana uja unauma mwezi usanathe. Pa ya alamu, umodzi unadyedwa ndi chiswe, wina unapondedwa ndi galimoto yobwerera m'mbuyo, koma isanu inakula mpaka kupitirira denga.

Chaka chatha kunabwera kalata yochokera kulikulu yolamula kuti maofesi onse achepetse magetsi ndi madzi amene amagwiritsa ntchito. Tinapanga komiti, ndipo ine anandisankha kukhala mlembi, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma ndimalemba msanga. Tisaname, zabwino tinachita. Tinasintha mababu, tinakonzetsa mipopi imene inkadontha kuyambira kalekale, tinayamba kusindikiza mapepala mbali zonse ziwiri. Kenaka inafika nkhani yaikulu, ya magetsi a dzuwa.

Anatitumizira injiniya, mayi wachitsikana waulemu wake, wa chipewa cholimba ndi kompyuta m'chikwama. Anakwera padenga n'kupeza kuti ndi lakale, silinganyamule masola. Anazungulira panja m'mawa wina ndi chingwe choyezera, n'kutiuza kuti malo abwino ndi kumadzulo kwa nyumba, bola mitengo ija ichoke. Komiti inavomera pasanathe mphindi zisanu. Mawu akuti "mitengo isanu idulidwe Lolemba" ndinalemba ndine, ndi dzanja langali, ndipo kwa alamu sindinanene kanthu. Ndinachita mantha, ndipo mpaka lero ndikaganiza manyazi amandigwira.

Lachitatu m'mawa alamu anapeza mtengo uliwonse uli ndi mtanda wa penti yofiira. Analowa ku kaundula osagogoda, n'kutsitsa ndowa pakati penipeni pa chipinda.

"Mlamu, zimene zalembedwa pamitengo zija, iwe ukuzidziwa?"

"Alamu, ndi komiti imene..."

"Komiti ilibe dzanja. Analemba ndani?"

Ndinayamba kusanjasanja mafaelo patebulo. Iwo anati akufuna kuyankhula pamsonkhano wa Lachisanu. Ndinawauza kuti okolopa sali m'komiti.

"Eti? Komiti yosamalira nyumba, koma wokolopa nyumbayo mulibe?"

"Alamu, nkhaniyi anayeza ndi injiniya. Chalaka bakha nkhuku singatole."

"Bakha wakoyo analowapo m'chipinda cha a Thukuta masana?"

A Thukuta ndi bambo wa ku ofesi yogula katundu, amene windo lawo lili pamene panali mtengo unadyedwa ndi chiswe uja. Makina oziziritsa mpweya amalira m'chipinda mwawo tsiku lonse, koma iwo kampango sikachoka m'manja, n'chifukwa chake tinawapatsa dzinali. Sindinamvetse kuti akulowa bwanji m'nkhaniyi. Alamu anangondipempha chinthu chimodzi, kuti msonkhano uchoke m'mawa upite 2 koloko masana. Ndinakauza bwana wamkulu kuti chipinda cha misonkhano chikhala chonyowa m'mawa wonse wa Lachisanu. Silinali bodza, alamu anaonetsetsa kuti chinyowedi.

Lachinayi titaweruka ndinadzera kwawo. Achimwene, amene anapuma kale pa ntchito yoyendetsa galimoto, anali atakhala pakhonde nkhope ili gwa.

"Mayi a ana, mwatsala ndi miyezi isanu kuti mupume mwaulemu. Mukufuna akuthamangitseni chifukwa cha mitengo?"

"Ana ndinalera asanu ndi anayi ine," anatero alamu akuchapa yunifolomu yawo. "Anayi a m'nyumba muno, asanu a kuntchito. A kuntchitowo sanandiyankhepo mwano."

Achimwene anandiyang'ana ine kuti ndiwathandize. Ine ndinayang'ana kumbali.

Lachisanu dzuwa linaswa mtengo. Msonkhano utangoyamba, tinamva kugogoda ndi mtengo wa chikolopa. Bwana wamkulu anakweza mutu.

"Mayi, mukolopa tikamaliza."

"Pepani bwana, ndikolopa pompano, koma osati muno. Ndikupempha mphindi khumi zokha, munditsatire."

Ndinati basi, alamu ntchito yatha, ndipo yanga ikutsatira. Koma injiniya uja anatseka kompyuta yake n'kuimirira, ndiye enafe tikanatani? Tinandondozana m'khonde lakumadzulo, anthu asanu ndi atatu a mataye ndi nsapato zogogoda, kutsogolo kuli mayi wa ndowa.

Anaima pakati pa zitseko ziwiri zoyandikana n'kuzitsegula zonse. Zipinda zake n'zofanana, kukula kwake, simenti yake, windo lake. China chili ndi mtengo pawindo, chinacho n'cha a Thukuta. Alamu anali atawapempha kuti azimitse makina awo kuyambira 12 koloko, ndipo tinawapeza malaya atamatirira kumsana, akutiyang'ana ngati munthu wolakwiridwa. M'chipinda cha mtengo makina analipo, koma mwini wake anati sakumbukira tsiku limene anawayatsa.

Alamu anaviika chikolopa, n'kufinya, n'kukolopa chipinda cha mtengo choyamba, kuchokera kuwindo kubwerera kukhomo. Anaviikanso, n'kufinya chimodzimodzi, n'kukolopa cha a Thukuta. Atamaliza anaimika chikolopa n'kupinda manja.

"Tsopano tingoyang'ana pansi."

Tinayang'anadi pansi, bwana wamkulu ndi digiri zake zonse. Mwa a Thukuta, mmene anakolopa pomalizira, simenti inayamba kuyera kuchokera kuwindo. Madzi ankathawa tikuona, zigamba zouma zikukula n'kukumana. Pasanapite nthawi chipinda chonse chinali gwa, ngati sichinaone madzi chiyambire. M'chipinda cha mtengo, chimene anayamba nacho, pansi panali pakunyezimirabe mpaka kukhomo.

"Ine sukulu ndinalekezera panjira, bwana," anatero alamu. "Koma zaka zonsezi, ndikakolopa muno ndimaika chikwangwani choti anthu asaterereke, pamene umu sindivutika n'kuika komwe. Mukadula mitengo ija, zipinda zisanu izi zonse zikhala ngati cha bambo awa. Makina onse asanu adzayamba kulira tsiku lonse, ndipo magetsi a masola anuwo adzathera momwemo. Ndiye mudzakhala mwapulumutsa chiyani?"

Injiniya anatulutsa kachipangizo koyezera kutentha, analowa umu, analowa umo, anagwira khoma ili ndi chikhatho, anagwira linalo. Atabwerera anavula chipewa chake.

"Amayi akunena zoona. Ine ndinayeza panja, ndiponso m'mawa. M'kati muno masana sindinalowemo."

Mwana wa eni ake ameneyo, Mulungu amudalitse! Ena akanakakamira mpaka kufa.

Bwana wamkulu anakanda pachibwano. "Chabwino. Nanga masolawo tiika pati? Denga lakana, kuno mwakaniza."

Alamu analoza pawindo. Pansi pa mitengo yawo panali magalimoto asanu ndi imodzi atathinana, ina tayala lili pamaluwa, ndipo ya bwana wamkulu inali pakati pomwe pamthunzi wabwino. Patsogolo pake, bwalo lonse loimikapo magalimoto, lija la mizere yoyera, linali mbee, phula likuchita kunyezimira.

"Bwalo lija nonse mumalithawa chifukwa cha dzuwa. Nanga si dzuwalo mukulifuna?"

Injiniya anaseka mpaka kugwira khoma. Anati pabwalopo akhoza kuimika mizati yachitsulo, masola n'kukhala ngati denga, magetsi pamwamba, mthunzi wa magalimoto pansi. A Thukuta anayamba kuomba m'manja okha, kampango kali pakhosi, kenaka tonse tinalowerera. Bwana wamkulu anatembenukira kwa ine.

"Alembi, fufutani zija. Lembani kuti mitengo ikhala."

Ndinalemba misozi ili m'maso, ndipo sindinasamale kuti andiona. Alamu sanamwetulire n'komwe. Anangonyamula ndowa yawo n'kutiuza kuti tidutse m'mbali, pakati sipanaume.

Odula mitengo palibe anakumbukira kuwauza, ndiye Lolemba anafika ndi makina awo. Anapeza Mayi Ndowa ali pamtengo wachitatu ndi burashi ya waya, akupala penti yofiira ija. Mlonda anawabweza pageti mokondwa kwambiri, pakuti khasu lija linali lake ndipo amaziona ngati mwini gawo.

Masola anaimikidwa patatha miyezi itatu. Magalimoto anasamukira kumalo ake, ndipo pansi pa mitengo anaikapo mabenchi amene timakhalapo nthawi yopuma. Alamu anaitanidwa kulowa m'komiti, ndipo tsiku loyamba anabwera ndi ndowa yawo n'kuiika pansi pa tebulo. Sabata yomaliza asanapume anadzala mbande ziwiri m'mipata ija. Panalibe wojambula. A Thukuta okha ndi amene anaimirira pambali, n'kulonjeza kuti ya pawindo lawo aziilondera ngati mwana wakhanda. Achimwene tsopano amauza aliyense kuti iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti akazi awo apambana. Amuna inu!

Tsiku lotseka faelo ya alamu linagwera ine. Pamwamba pa tebulo langa panali kalata yatsopano ya bwana wamkulu yopita kwa okolopa onse, yolamula kuti madzi otsukuluzira opanda mankhwala asatayidwenso m'ngalande, koma azithiridwa pamitengo ya kukhoma lakumadzulo. Ndinatsegula faelo ya alamu, ndipo kumunsi kwenikweni ndinapeza kalata yachenjezo ija, itasanduka yachikasu, siginecha yawo yokhotakhota ili pansi. Malamulo a kaundula salola kuchotsa pepala m'faelo. Ndiye sindinachotse. Ndinatenga kalata yatsopanoyo n'kuimanga pamwamba pa yakaleyo ndi pini imodzi.

Madzulo ake ndinakawauza, ndikuyembekeza kuti mwina lero alira. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Zamapepala zako ndamva. Ziwiri zing'onozing'ono zija, lero anazithirira?"

Ndinati anazithirira, ndinaona ndi maso anga. Apo m'pamene alamu anga anaseka.