Katswiri wa Miyala wa ku Iponga

Lolemba m'mawa, pa bolodi la ofesi ina ku Karonga panakhomedwa kalata ya chidindo. Inalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo n'koletsedwa kuchapira, kuyanika usipa kapena kukhala pa matanthwe a m'nyanja, chifukwa akatswiri akunja apeza kuti m'matanthwe oterowo muli timapuloteni tomwe mwina tingachepetse kutupa kwa ubongo. Kalatayo inalonjezanso kuti anthu a ku Karonga ndiwo adzayambe kupindula. Mawu akuti "mwina" analembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono, posamala inki ya boma.

Lachiwiri komiti inasankhidwa. Itakhala pansi inazindikira kuti mwa anthu khumi ndi awiri panalibe wodziwa mwala, ndipo wina anakumbukira a Ambokile Mwangolera a ku Iponga.

A Mwangolera sukulu analekera Sitandade 7, koma miyala amaidziwa ngati abale awo. Anakhala zaka zinayi kugombe la Tanzania akuwotcha miyala ya m'nyanja yamchere kupanga laimu. Atabwerako anaboola phiri ku Kayelekera mpaka mgodi unatsekedwa mu 2014. Kuyambira pamenepo ndi mlimi wa mpunga, wa ng'ombe ziwiri ndi pakamwa posachedwa kuyankha.

Za kutupa kwa ubongo sanazimvere pa bolodi. Zaka ziwiri zapitazo akazi awo, a Dora, anadwala matenda oumitsa khosi. Anapulumuka, koma anatsala ndi khunyu, ndipo chimene chimawagwira kuti asagwe ndi mapiritsi a mwezi ndi mwezi ochokera kuchipatala chachikulu. Sabata imeneyo mapiritsi anali atatha. A Dora anali atagwa kawiri, kachiwiriko pafupi ndi mbaula, mkono n'kupsa. Kuwakweza panjinga kunali kuika dzira pamphuno, ndipo ambulansi akuti inali kudikira matayala.

Galimoto ya komiti matayala inali nawo, onse anayi atsopano. Inafika pakhomo Lachinayi, mutakwera wapampando, bwana Hudson Kayange, atavala chipewa cha chitsulo ngati matanthwe agwa kuchokera kumwamba.

"Mwaghona, a Mwangolera!" bwana anapereka moni m'chinenero cha kumeneko. "Dziko likufuna nzeru zanu. Mukatilozere miyala ya mankhwala ija."

"Ndaga, bwana. Kalata ya Chingerezi muli nayo? Mundiwerengere dzina la mwalawo."

Bwana anafufuza m'chikwama. "Akuti korali."

"Matumbawe amenewo, kwa Aswahili. Si mwala wamba, ndi nyumba za tizilombo tamoyo. Timafuna madzi amchere. Inu munamwapo madzi a nyanja yathuyi?"

"Ndinakulira momwemo."

"Munathirapo m'ndiwo kuti zikolere?"

Dalaivala anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Vuto linali la chinenero, osati la sayansi. Chichewa chili ndi liwu limodzi lokha, nyanja, ya mchere ndi yopanda mchere yomwe, ndipo womasulira kalatayo sanafune kuvutitsa akuluakulu ndi kusiyanitsa.

"Zimenezo mukazinene kumsonkhano wounikira," anatero bwana Kayange. "Lero pulogalamu ikuti tikaone matanthwe. Kwerani."

A Mwangolera analowa m'nyumba. Anatuluka atagwira a Dora padzanja, mkono wopsawo utakulungidwa chitenje, ndipo anawakhazika kutsogolo, pampando wa bwana, n'kuwamanga lamba.

"Aa, adada, iyi ndi galimoto ya boma! Chilolezo cha ulendo chikuti kugombe."

"Chikuti galimotoyi ndi ya chiyani?"

"Ya ntchito yolimbana ndi kutupa kwa ubongo."

"Ubongo wake ndi uwu. Kugombe kulibe wina. Mukafuna atsike, atsitseni nokha ndi manja anu, anthu akuona."

Anthu analidi kuona. Amayi amene analetsedwa kuchapira pamwala anali ataima m'mbali mwa msewu ndi mabeseni awo, opanda chochita china.

"Bwana, musadandaule," anatero a Dora pawindo. "Ndikagwa m'njira mungolemba kuti mwaona zotsatira."

Bwana Kayange anaimba foni kawiri, osayankhidwa. Anachenjeza a Mwangolera kuti dzina lawo lichotsedwa mu komiti. A Mwangolera anati sanalilembetse, ndiye kufufuta kwake sikuvuta. Pamapeto pake wapampando anakwera kumbuyo, pakati pa nyundo ndi matumba otengera miyala, ndipo galimoto inakhotera kumsewu wa kuboma.

Njira yonse bwana analankhula. Anati ngakhale miyalayo ili kutali, mankhwalawo adzafika ndithu; akuti awayesa kale pa mbewa, ndipo mbewazo zikupeza bwino. A Mwangolera anati n'zosangalatsa kumva kuti kwinaku mbewa zimagonekedwa m'chipatala, kuno timangoziwamba. Bwana anati pakadzatha zaka zisanu palibe mayi wa m'boma lino adzavutikenso chonchi, ndipo a Dora adzakhala oyamba pamndandanda.

Anafika kuchipatala chachikulu nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Anamwino anatsuka mkono wa a Dora, anaumanga bandeji yoyera. Kenako a Mwangolera anaima pamzere wa mankhwala ola lathunthu, buku la chipatala la akazi awo lili m'manja.

Pawindo la mankhwala panali panado yekha.