Chipewa Chofiira Chimene Ndinamuvula

Ine sinditha kulankhula pagulu. Ngakhale kusukulu, komwe ndinalekezera sitandade sikisi, aphunzitsi akandiloza ndinkangoyang'ana pansi. Nkhaniyi sindinauzepo munthu. Ndaona kuti bola ndiilembe.

Ndinabwera ku Mzuzu kuchokera ku Dowa potsatira mwamuna. Mwana wathu wamkazi ali ndi miyezi inayi, bamboyo anapita ku Joni ndipo foni yake inasiya kugwira. Ndinatsala m'kachipinda ka lendi ku Zolozolo. Mayi wina wakutchalitchi anandipezera ntchito ya m'nyumba kumayadi. Anandilola kumapita ndi mwana, koma lamulo linali lakuti asalowe m'nyumba. Ndinkamugoneka pa katoni m'kanyumba kochapira, kuseri kwa khitchini. Kapu ndi mbale yanga zinkakhalanso komweko.

Abwana anali ndi mwana wamkazi yemwe anali atangomaliza kumene ku yunivesite. Tinali a msinkhu umodzi, koma iwo ankanditchula kuti anti, ine ndinkati asisi. Sindinganame, sanali ankhanza. Ankandipatsa madiresi awo akale. Akamakamba za anthu osauka misozi inkalengeza m'maso. Ankatsogolera gulu la zisudzo la achinyamata kutchalitchi kwawo.

Chaka chimenecho analemba sewero la mayi wosauka amene mwana wake wadwala, ndipo akagogoda pageti la anthu olemera, amamubweza. Gawo la mayiyo anadzipatsa okha. Anayamba kumaima pakhomo la khitchini n'kumandiyang'ana.

"Anti, tayendaninso. Mutu uja mumauweramitsa bwanji?"

Ndinkayenda, iwo n'kumanditsanzira kumbuyo. Anabwereka chitenje changa chothetheka ndi mapatapata anga omanga ndi waya. Ndinawaphunzitsanso kubereka mwana kumsana. Ankayeserera ndi chidole, koma chinkangoima chilili ngati mtengo.

Unali mwezi wa Juni, nthawi imene Mzuzu amadzuka ndi nkhungu ndi kamvula kowaza. Mwana anayamba kutsokomola Lachinayi. Loweruka, tsiku la sewero, anadzuka thupi lili moto, akupuma mofulumira. Abwana ndi madamu anali ku ukwati ku Lilongwe, ndiye woti ndimupemphe anali asisi.

"Pepani asisi, mwana sali bwino. Ndimati ndithamangire kuchipatala."

Anamugwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja.

"Shame, akutenthadi. Koma anti, ndinali ndi pempho. Chidole chija anthu akungochiseka. Tibwerekeni bebiyu, mphindi makumi awiri zokha. Tikangomaliza ndikutengani ndekha pagalimoto, tipita kwa dokotala wathu wapulayiveti. Kapena mukufuna mukaime pamzere tsiku lonse?"

Ndinaganiza za mzerewo. Ndinaganizanso za ntchito. Ndinati, "Chabwino asisi."

Sewero linachitikira panja, pabwalo la tchalitchi, chifukwa anthu anachuluka. Kuseri kwa nsanja asisi anavala chitenje changa, n'kudzipaka phulusa m'miyendo. Kenako anayang'ana mwana. Anali atavala juzi ndi chipewa chofiira cha ulusi chimene ndinaluka ndekha ndili ndi pakati.

"Izi zikuoneka zatsopano chomene," anatero asisi. "Mwana wa m'mphawi sangavale chonchi. Anthu sakhulupirira."

Mnzawo wina, amene ankachita gawo la bwana wolemera, anaseka. "Ndiye kuti iwe wawaposa anti usiwa, sisi. Tawabwereka mwana, tsopano tikuwaphunzitsa umphawi."

Onse anaseka. Inenso ndinamwetulira, chifukwa ankandiyang'ana. Ndinamuvula chipewa, ndinamuvula juzi, ndinamuika pamsana pa asisi ali ndi kamalaya kokha, n'kumanga chitenje ndekha.

Sewero silinayambe msanga. Panali malonje, kwaya, ndi mlendo wolemekezeka amene analankhula nthawi yaitali. Nthawi yonseyo asisi anali chiimire kuseri kwa nsanja, mwana ali kumsana, kamvula kakuwaza. Ine ndinali pafupi, chipewa chili m'manja. Kawiri konse ndinasuntha phazi kuti ndikamuveke, koma ndinabwerera.

Atakwera pansanja, asisi anayenda monga ndimayendera ine. Anagwada pageti la makatoni n'kuweramitsa mutu.

"Pepani bwana, mwana sali bwino."

Mwana analira, kulira kwake kosatuluka bwino. Amayi ambiri ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Mayi amene anaima pafupi nane anandigunda ndi chigongono.

"Mwana wa anthu olemera, koma mtima wake onani. Akudziwa mavuto athu ameneyu."

Ndinangogwedeza mutu.

Atamaliza anandipatsa mwana. Mapazi ake anali ozizira ngati mwala, koma pamimba pakuotcha.

"Anti, mwandithandiza chomene. Kadikireni pagalimoto, ndikubwera."

Ndinakaima pagalimoto. Iwo anayamba kujambulitsa zithunzi, kenako anaitanidwa m'holo kukadya ndi alendo. Ndinadikira. Ndinapita mpaka pakhomo la holo, koma nditaona masuti ndi matebulo oyala nsalu zoyera, sindinalowe. Asisi anandiona, anatukula zala zisanu kuti ndidikire mphindi zisanu, n'kupitiriza kucheza.

Amene anandichotsa pamenepo ndi bambo wina wa kabaza ya njinga yamoto, amene ankadikira anthu panja pa mpanda.

"Mama, mwana uyo akupuma moipa chomene. Mukudikira ndani? Kwerani."

Kuchipatala nesi anatsegula kamalaya n'kuona mmene nthiti zinkalowera mkati. Anandifunsa kuti, "Mayi, munali kuti tsiku lonse?" Kenako anati ndi chibayo. Anamuika timapaipi ta mpweya m'mphuno, ndipo tinakhala m'chipatala masiku asanu ndi atatu. Masiku awiri oyamba sanayamwe n'komwe.

Asisi sanabwere. Anatumiza uthenga pafoni wakuti anandifunafuna, ndinachokeranji osatsanzika, ndipo akutipempherera.

Titatuluka ndinapita kuntchito. Mlonda anandiuza pageti kuti madamu analemba munthu wina, wopanda mwana. Asisi anatuluka ndi jumbo. Munali mapatapata anga ndi paketi ya shuga. Chitenje anati ndiwasiyire kaye, chifukwa sewero linakondedwa ndipo anawaitana kukachitanso kwina. Anandikumbatira akulira. Ndinati, "Zikomo asisi," ndipo geti linatsekedwa.

Mwana wanga anachira. Pano ali ndi zaka zinayi, ndipo ndimagulitsa nthochi kumsika. Koma Juni akafika chifuwa chimamubwerera, amapuma molira ngati kamluzu. Anamwino amati ndizimufunditsa bwino.

Asisi sindiwaganiza kwambiri masiku ano. Chimene chimandibwerera ndi manja angawa. Palibe anandigwira, palibe anandikalipira. Ndinamasula ndekha kachingwe kapakhosi ka chipewa chija.

Chipewacho chilipo, chili pansi m'chikwama. Tsiku lina mwana anachipeza n'kuyesa kuvala, koma chinangokhala pamwamba pa mutu. Anaseka, anandifunsa kuti n'chandani. Ndinamuuza kuti n'chake. Kenako ndinamukokera pafupi n'kumumanga mabatani a juzi mpaka lakukhosi, ngakhale kunja kunali dzuwa.