Mayi Amene Anathokoza

Mayi oyandikana nafe m'dera lathu lino la Lozells akhala akukolopa m'chipatala kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sayamba nkhani asanapereke moni, ngakhale kwa dalaivala wa basi. Ukawafulumizitsa amangoti, "Ine sindinakulire kutchire."

Chipatalacho akufuna kuchimanganso, ndipo pa pulani yatsopano palibe kachipinda kamene abale amakhalamo wodwala wawo akatsala pang'ono kutisiya. Mayiwa amakadziwa bwino kachipindako. Amakakolopa tsiku ndi tsiku, ndipo ndi mmene ife akumpingo tinadzazana, kuimba chapansipansi, tsiku limene amuna awo ankamwalira.

Akuluakulu a chipatala ataitanitsa msonkhano woti amve maganizo a anthu, mayiwa anasinthana shifiti ndi mnzawo, navala chitenje chawo cha pa Sabata. Aliyense anapatsidwa mphindi ziwiri. Iwo anaimirira, napereka moni kwa wapampando, kwa madokotala, kwa ojambula pulani, nathokoza kuti munthu wokolopa ngati iwo waitanidwa nawo. Akuti atchule za kachipinda kaja, belu linalira. Wapampando anamwetulira, maikolofoni n'kupita kwa wina.

Patatha miyezi itatu lipoti linatuluka, ndipo ndinawawerengera ndine. Analembamo kuti wantchito wina wokhalitsa anayamikira kwambiri pulaniyo. Pamalo pa kachipinda kaja padzakhala pogulitsira khofi.

Nditamaliza kuwerenga, mayiwa anati, "Mwanawe, ulemu wanga ausandutsa siginecha yovomereza pulani yawo."