Mizere Imene Namemole Anafufuta

Tsiku limene bwana anamuuza kuti ayambe wapita kunyumba, Namemole sanalire, koma manyazi anamugwira kwabasi. Anadutsa pamsewu pomwe kale ankagulitsa mamemole kadi, paja panachokera dzina lakelo. Tebulo lake linali pomwepo, wina akugulitsirapo.

Mayeso a sekondale analephera. Zamakompyuta anadziphunzitsa yekha pa laputopu yosweka galasi ya mlamu wake, mpaka kampani ina yaing'ono inamulemba mongomuyesa. Kampaniyo inkapanga madalaivala, timapulogalamu tothandiza kompyuta kumvana ndi disiki yosungira zinthu.

Ntchito yake yoyamba inali kusesa khodi yakale, mizere ya malangizo opanga dalaivala. Anapezamo mizere yolandira madisiki akuluakulu amene panthawiyo kunalibe. Anayesa madisiki onse a mu ofesi, palibe ndi imodzi yomwe yofika pamizereyo. Anati ndi zinyalala, nafufuta. Onse anamuyamikira, ndi bwana yemwe.

Patapita miyezi, kasitomala wina anagula madisiki atsopano, akuluakulu aja. Dalaivala inawakana kwamtuwagalu posowa mizere ija, ntchito kwa kasitomalayo n'kuima. Mpamene bwana anamubweza kunyumba Namemole.

"Ndibwerera patebulo paja," anauza mlamu wake.

"Tebulo lili ndi mwini wake tsopano. Yatsani laputopu, alamu."

Kubwezera mizereyo sikunavute, anzake anabwezera tsiku lomwelo. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti mawa wina adzafufutanso, pa chifukwa chomwecho. Ndiye analemba kapulogalamu konamizira disiki, kouza dalaivala kuti iko ndi disiki yaikulu kuposa zonse za m'sitolo. Kanakanakana, iye osaleka. Katatheka, anapita nako kuofesi osaitanidwa.

Bwana anayendetsa kapulogalamuko. Mizere ina imene onse ankaiyesa yakufa inagwira ntchito. Ina sinagwedezeke n'komwe.

"Nanga yangoti zii iyi?" anafunsa bwana.

"Imeneyo fufutani, bwana."

"Mwatsimikiza? Paja inu ndi kufufuta."

"Ulendo uja ndinayesa ndi madisiki a lero okha. Uno ndayesa ndi a mawa omwe."

Bwana anakoka mpando wa Namemole uja. "Khalani apa."

Lero m'kampanimo palibe amene amafufuta mzere asanauyese ndi disiki yonamizira ija. Pamsewu paja Namemole amadutsabe, popita kuntchito.

Inu amene akubwezani kunyumba chifukwa cholakwitsa, bwererani pomwe munalakwirapo mukakonze. Musataye mtima, yatsani laputopuyo.