Fomu ya maso a Tadala yakana nambala yathu

Inu amene munapanga tsamba la pa intaneti lolembetsera ana kwa madokotala a maso, mwanditopetsa. Sindikutukwanani, mphamvu zake ndilibe. Ndingofuna mumve zimene tsamba lanulo linandichita sabata yatha.

Ndine mayi a Tadala, ndimakhala kwa Chulu ku Kasungu. Tadala ali ndi zaka zinayi. Diso lake lakumanzere lili ndi kanthu koyera pakati, ndipo akamathamanga amagunda zidebe. Lamulungu kutchalitchi analengeza kuti bungwe lina likubweretsa madokotala a maso a ana ku boma. Kulembetsa n'kwaulere, koma kudzera pa foni basi, kutseka Lachisanu 12 koloko masana. Linki anatumiza pagulu lino la amayi.

Pakhomo pathu foni ndi imodzi, ya bambo a Tadala. Timagwiritsa ntchito tonse: ife, apongozi anga ndi alamu anga a Nabanda. Netiweki imagwira malo amodzi, kuseri kwa chigafa cha fodya, utakwera pachitsa.

Lolemba 11 koloko ndinaweruka kothyola fodya. Amene anathyolapo akudziwa mmene zala zimakhalira, zakuda bii, zomata utomoni. Ndinasamba m'manja kawiri ndi sopo. Koma mabatani anu ndi ang'ono ngati mbewu ya fodya yomweyo. Ukafuna kudina apa, chala chadina apo.

Ndinapirira mpaka pa tsiku lobadwa la kholo. Polemba chaka palibe. Munaika kakalendala koyambira mwezi uno, kuti munthu azibwerera m'mbuyo mwezi umodziumodzi. Ine ndili ndi zaka 26. Ndinadina, ndinadina, dzuwa lili paliwombo, mwendo umodzi pachitsa. Kutatsala zaka zitatu kuti ndibadwe, netiweki inathawa. Tsamba linayera mbee. Zonse ndinalemba zija zinafufutika. Kodi inuyo munayesapo kubadwa pa kalendala imeneyi?

Lachiwiri ndinayambiranso. Ndinafika kumapeto 1 koloko itadutsa. Batani lotumizira osaoneka. Labisala pansi pa chithunzi cha mwana womwetulira, chithunzicho osasuntha. Ndinaigoneka foni chopingasa, batani linasuzumira theka, ndinalidina msanga lisanathawe. Panabwera mawu ofiira a Chingerezi. Ndinapita nawo kwa aphunzitsi oyandikana nafe. Anati akunena kuti nambala iyi inalembetsa kale.

Inde inalembetsa. Alamu anga analembetsa mwana wawo Yamikani Lamulungu lomwelo, chifukwa maso ake amatuluka manthongo chaka chonse. Pa foni yomweyi. Nanga akanalembetsa pa chiyani, pa khasu?

Alamu atamva anati, "Mlamu, chotsani wangayo, wanuyu ndiye zavuta." Ndinakana. Onse ndi ana. Komanso ngakhale ndikanavomera, pochotsera pake palibe.

Lachitatu ndinazungulira mudzi kubwereka nambala. Ndinayesa zinayi, ya aphunzitsi yomwe. Zonse zinali zitabwerekedwa kale ndi amayi anzanga amene anafulumira.

Lachinayi ndinasiya fodya wosasoka m'chigafa, ndinabereka Tadala. Tinanyamuka hafu 5, kabaza mpaka pamsewu, kenako matola. Pa ofesi ya bungwelo tinafika 9 itangodutsa. Alonda anati tikhale pabenchi. Tinalowa kotala tu 11.

Tinapeza bambo wina wa tayi. Ndisanamalize n'kufotokoza komwe, anati zonse zili pa intaneti. Ndinati ndikudziwa bwana, kumeneko ndiye ndachokera. Anatsegula tsambalo pa kompyuta yawo, yaikulu ngati zenera.

"Onani mayi, batani si ili? Likuoneka bwinobwino."

"Bwana, ndiye mundibwereke kompyutayi ndikaimirire nayo pachitsa."

Sanaseke. Za nambala anati anachita dala kuti munthu asalembetse kawiri, poti anthu akumudzi timachenjera. Ndinamutembenuza Tadala kuti amuone diso. Ndinafunsa ngati kumeneku n'kuchenjera. Anayang'ana pa kompyuta.

Ndinapempha kuti angomulemba m'buku. Anati mabuku anasiya. Ndinafunsa amene angakonze tsambalo. Anati anapanga ndi a ku Lilongwe, iwo amangolandira mayina. Ndinati nanga nambala yanu bwana? Anati akayamba zimenezo Kasungu yense abwera. Pomaliza anati ndikagule simu ina. Simu amafuna chitupa, ndipo chitupa ndinasiya kunyumba, poti palibe ananena kuti kuonetsa diso la mwana kumayambira kogula simu.

Tinatuluka. Ndinakhala pansi pa mtengo kunja kwa geti, mutu uli waa. Pamenepo panali mayi wina wachikulire wogulitsa nthochi, a Nankhoma. Anamupatsa Tadala nthochi imodzi, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwana wanga, akuuza chiyani m'katimo?"

Ndinawafotokozera. Anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa kafoni ka mabatani komanga ndi labala.

"Lemba nambala yangayi. Ana anga anakula, maso awo aziona okha."

Anamuika Tadala pamiyendo, ine n'kutenga foni yathu ija, n'kuyambanso kubadwa pa kalendala yanu ija. 20 pasiti 12 tsamba linavomera. Ndinapuma. Kenako mtsikana wina wogula nthochi anandiwerengera mawu a pansi pake: tsiku ndi nthawi yokaonana ndi dokotala zidzabwera pa meseji, pa nambala yomwe yalembedwayo. Amene adzaphonye tsiku lake, malo ake adzapatsa wina.

Ndiye mmene ndikulemba pano, tsiku la diso la mwana wanga lidzafikira m'chitenje cha mayi amene ndinawadziwa Lachinayi lapitali. Kuwerenga satha, akuti adzapatsa wogula aliyense awawerengere. M'mawa uliwonse ndimakwera pachitsa kuwaimbira. Ndimati, "Amayi, yafika?" Iwo amati, "Sinafike mwana wanga, zafika ndi nthochi zokha."

Amayi anzanga, tsamba lotere likadzabweranso, pezeranitu nambala musanayambe, ndipo chitupa muzinyamula. Inu a ku Lilongwe, sindikupempha zambiri. Ikani polemba chaka. Lolani nambala imodzi ilembetse ana onse a pakhomo. Ndipo musanatitumizire tsamba lina, mubwere nalo kuseri kwa chigafa chathu, muthyoleko fodya mzere umodzi, mukwere pachitsa, muliyese.

Lero m'mawa ndaimba katatu, foni ya a Nankhoma siikupezeka. Mwina moto watha. Ndiyesanso masana. Koma mundiyankhe: meseji ija ikafika pomwe palibe woiwerenga, tsiku n'kudutsa, za diso la Tadala ndikafunse ndani?