Ndinkamenya Mbalame, Osati Mpira

Zonsezi n'zoona, ndikhoza kulumbira nditagwira Baibulo.

Timu ya kutchalitchi kwathu ku Middlesbrough, mzinda wa kufupi ndi nyanja, inkasewera bezibo, masewera omenya mpira ndi ndodo, ndi anzathu a ku Zambia. Pangano linali lakuti tikagonja, tizinena "manje" m'malo mwa "tsopano" chaka chonse, ngakhale popemphera.

Mayi Chirwa, nesi amene amasunga ziwerengero za osewera pafoni, anandikokera pambali. "Bambo Phiri, chiyambireni simunaukhudzepo mpira. Foni ikuti ndodoyo ingachite bwino itasewera yokha."

"Mayi, foni sidziwa mtima wa munthu," ndinatero. "Ine ndimamenya zikavuta basi."

Zinavutadi. Pa mpira womaliza, akatswiri onse anali atathamangira kushifiti. Ndinatsala ine, ndili ndi soseji m'thumba la malaya.

Woponya akuponya, mbalame ya kunyanja yaikulu ngati mbuzi inatsika kulunjika pa soseji yanga. Ndinatsinzina, n'kukuwa "Mayo!", n'kupukusa ndodo. Mbalameyo ndinaiphonya. Koma mpira, umene sindinauone n'komwe, unakumana ndi ndodoyo, n'kuuluka mpaka kukalowa m'basi ya ku Leeds. Ndamva kuti unapeza ntchito kumeneko.

Tinapambana, ndipo anzanga anandinyamula m'mwamba. Mayi Chirwa anafufuta ziwerengero zonse, misozi ili mbwe. "Ndikhululukireni, bambo. Zilipo zina zimene masamu saona."

Za mbalame sindinatchule. Ndinangogwedeza mutu ngati mneneri.

Anandisankha kukhala womenya womaliza mpaka imfa. Loweruka lino tikasewera ku Rotherham, ndipo ndafufuza, kulibe nyanja. Nkhunda ziliko, koma ndaziyesa kale. Soseji sizifuna.